Kupanga pulasitiki yowola ndi chinangwa komanso thunthu la nthochi

Pulasitiki ya chinangwa imaopa madzi. Mudziwiretu zimenezi musanazule ngakhale phata limodzi, chifukwa ambiri akamva za pulasitiki yowola amaganiza za jumbo yonyamuliramo nsomba zaziwisi kuchokera pa Chitakale mvula ili pamsana. Imeneyo simungaipange pakhomo. Zomwe zimatheka pa mbaula ndi ziwiri: pepala lopyapyala loonekera mkati, lokulungira zinthu zouma monga mbewu za masamba ndi sopo, komanso timiphika ta mbande tomwe mumakwirira limodzi ndi mbandeyo pookera. Timiphikati ndiye tili ndi ntchito yeniyeni kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene machubu akuda ong'ambika ali mbwee m'madimba ndi m'mphepete mwa nazale.

Jumbo ndi machubu amenewa amapangidwa kuchokera ku mafuta okumba pansi, omwe aja amatulutsanso petulo ndi dizilo, ndipo tizilombo ta m'nthaka sititha kuwadya. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60 kukhuthala kwake (maikiloni ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) m'chaka cha 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Komabe aliyense woyenda mumsika wa Limbuli kapena wa Luchenza akudziwa kuti majumbowo sanathe. Sitachi ya chinangwa, ufa woyera wosalala womwe umadikha pansi pa madzi ofinyidwa m'chinangwa, ndi yosiyana ndi zimenezi chifukwa ndi chakudya cha tizilombo ta m'nthaka. Ikakwiririka, imadyedwa n'kutha.

Chinangwa chake

Musazule Manyokola wa pakhomo chifukwa cha pulasitiki. Ameneyo ndi womwera tiyi m'mawa, ndipo makaka ake ndi amene amatipulumutsa mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka. Tengani chinangwa chowawa, kapena zidutswa zothyoka pozula zomwe wogula sangazifune. Chikhale chokhwima, cha pafupifupi chaka chimodzi, ndipo chizulidwe m'chilimwe. Mvula yoyamba ikangogwa, mtengo umayamba kutapa sitachi ya m'mizu kuti uphukire masamba atsopano, choncho chinangwa cha mu Disembala chimatulutsa zochepa.

Mukazula lero, yambani ntchito lero lomwe kapena mawa. Pakapita masiku 2 kapena 3 chinangwa chimayamba mizere yakuda mkati, ndipo sitachi yake imatuluka yotuwa. Pa makilogalamu 5 a chinangwa chachiwisi, yembekezerani sitachi youma yosapitirira kilogalamu 1 ngati mukugwira ndi manja. Imeneyo ndi yambiri ndithu, mudzaona tikafika pa miyeso.

Kutulutsa sitachi

Sendani chinangwa mpaka khungu lamkati lomwe, muchitsuke, kenako muchikweche pa gireta. Ngati mulibe gireta, dulani kachidutswa ka lata, mukabowole thobwathobwa ndi msomali, mukakhomere pa thabwa mbali yokhakhala ili kumwamba. Kusinja mumtondo kumathekanso koma kumasiya tizibenthu tomwe timatsekera sitachi yambiri mkati. Mukakwecha mosalala kwambiri, mumapezanso yambiri.

Ikani zokwechazo m'beseni, thiranimo madzi oyera mpaka zimire, muzifikise ndi manja kwa kanthawi. Yalani nsalu yoyera yolimba pakamwa pa ndowa, tsanuliranimo, mupotokole nsaluyo ndi kufinya mwamphamvu. Madzi otuluka amakhala oyera mbee. Bwezerani zotsala m'nsalu zija m'beseni, onjezerani madzi ena, finyaninso, mpaka madzi otuluka ayambe kuoneka ngati madzi wamba. Zotsalazo musataye. Ziyanikeni, zidzagwira ntchito pa timiphika.

Siyani ndowa pamthunzi osaigwedeza kwa maola 4 mpaka 6. Mukafinya madzulo mutha kuisiya usiku wonse, koma isapitirire apo, chifukwa imayamba kusasa ndi kununkha. Kenako pendeketsani ndowa pang'onopang'ono kuti madzi apamwamba atuluke. Pansi mupeza chinthu choyera cholimba chomwe chimakana chala mukachidinikiza msanga, koma mukachinyamula m'dzanja chimayenderera m'mipata ya zala. Pamwamba pake pamakhala kansalu kachikasu konanda, kapaleni ndi supuni n'kutaya. Thiraninso madzi oyera, vundulani, dikirani idikhe, tsanulani. Chitani zimenezi kawiri. Anthu amachita ulesi pamenepa, koma kutsukaku ndiye kumasiyanitsa pepala loonekera mkati ndi pepala lamathothomathotho.

Madzi oyamba aja ndi oopsa, makamaka a chinangwa chowawa. Muli poizoni yemwe uja amaledzeretsa munthu akadya chinangwa chosanyika bwino. Musawasiye pomwe mbuzi, nkhuku kapena ana angafike, musawathire mu damu la nsomba kapena mumtsinje. Kumbani kadzenje kuseri kwa nyumba, thiranimo, kwirirani. Kukwechako chitirani panja podutsa mphepo.

Phwanyani sitachi yonyowayo m'tizidutswa, muiyanike pa thireyi padzuwa tsiku limodzi kapena awiri, muipere ndi botolo, muisefe, muisunge m'chitini chotseka bwino. Ikauma bwino imalira tsetetsete mukaifikisa pakati pa zala.

Kuphika

Miyeso iyi ndi ya pepala limodzi la masentimita 40 mulitali ndi 40 mulifupi:

masupuni aakulu 4 a sitachi, osasefukira
madzi odzaza mabotolo 2 a Fanta, aja a mamililita 300
masupuni a tiyi 4 a viniga woyera
masupuni a tiyi 2 a glycerine

Glycerine ndi yemwe uja timadzola m'miyezi yozizira khungu likamatuwa. Gulani woyera wosasakaniza ndi mafuta onunkhira kapena utoto, amapezeka m'mafamase ndi m'magolosale ena. Viniga akasowa, madzi a mandimu osefa bwino amagwira. Malangizo ambiri a pa intaneti amati muthire supuni ya tiyi yathunthu ya glycerine pa supuni yaikulu iliyonse ya sitachi. Kumeneko ndi kwa anthu okhala kouma. Glycerine amakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo kuno kumunsi kwa phiri mpweya umakhala wonyowa miyezi yambiri, moti muyeso umenewo umatulutsa pepala lomata m'manja. Yambani ndi theka, monga ndalembera pamwambapa.

Sakanizani zonse mu poto madzi ali ozizira, poto asanafike pamoto. Sitachi ikagwera m'madzi otentha imachita timibulu tomwe sitingasungunukenso. Vundulani mpaka pansi pa poto pasatsale chokhazikika.

Moto ukhale wa makala opsa kale, opanda malawi. Ikani poto, takasani ndi mthiko mosalekeza, mukukanda pansi ndi m'mbali. Poyamba palibe chooneka ndipo mutha kuganiza kuti madzi achuluka. Musaonjezere sitachi. Kutentha kukafika pakati pa madigiri 60 ndi 70, phalalo limasintha mwadzidzidzi: mthiko umayamba kulemera, kuyera kuja kumazilala kuyambira pansi, ndipo m'kanthawi kochepa mumayamba kuona pansi pa poto kudzera m'phalamo. Musaphule pamenepo. Pitirizani kutakasa kwa mphindi zina 5 pamoto wochepa, mpaka kusaoneke ndi kamzere komwe koyera. Mukanyamula mthiko, phala lizitsika ngati ulusi wosaduka. Takasani mofatsa, osati mopuntha, chifukwa thovu lililonse lolowa pano lidzakhala kabowo pa pepala.

Chomwe chikuchitika mu potomo ndi ichi. Sitachi ili m'timibulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwa timibuluto muli maulusi aatali a shuga olumikizana. Ena ndi owongoka, otchedwa amylose, ena ndi anthambi, otchedwa amylopectin, ndipo m'chinangwa anthambiwa ndiwo ochuluka, pafupifupi magawo 8 mwa 10. Kutentha kumatupitsa timibulu mpaka kuphulika, maulusi amatuluka n'kulowana. Madzi akauma amatsala olukana, ndiye pepala limenelo. Viniga amadula zina mwa nthambi zija kuti maulusi agonerane bwino. Glycerine amakhala pakati pa maulusi kuti azitha kusuntha pepala likapindidwa. Popanda iye mumapeza chinthu cholimba chothyoka mukangochikhudza.

Ngati mukufuna mtundu, dontho limodzi kapena awiri a utoto wa zakudya athiridwe poto asanaphulidwe. Madzi a tiyi wowira kwambiri, osefa, m'malo mwa madzi wamba amapereka mtundu wofiirira wokongola.

Kutsanula ndi kuumitsa

Konzeranitu potsanulira musanayatse moto, chifukwa phala likangozizira limalimba osayenderera. Thireyi ya pulasitiki yosalala ndiye yabwino. (Inde, tikugwiritsa ntchito pulasitiki popanga cholowa m'malo mwa pulasitiki. Thireyiyo idzakutumikirani zaka, si ya tsiku limodzi.) Galasi la zenera limapereka pepala lowala kwambiri, koma limagwira zolimba ndipo pomatula mutha kung'amba. Mukasankha galasi, lipukuteni kaye ndi kansalu kodontheza mafuta ophikira, pang'ono chabe. Thabwa ndi lichero ayi, phala limalowa m'timing'alu.

Thireyi ikhale pamalo osapendekeka. Thirani madzi pang'ono muone ngati akuthawira mbali imodzi, tchingani ndi kapepala mpaka akhazikike pakati, kenako pukutani. Tsanulani phala likadali lotentha, kudzera mu sefa ya tiyi ngati muli timibulu, kuyambira pakati. Pendeketsani thireyi uku ndi uku kuti lifike m'makona. Kuzama kwake kukhale ngati ndodo ziwiri za machesi zosanjikiza, mamilimita 3 kapena 4. Kumaoneka kochuluka, koma pafupifupi zonsezo ndi madzi ouluka. Menyetsani thireyi pansi pang'onopang'ono kuti thovu likwere, lotsala muliboole ndi singano.

Apa ndiye pali ntchito, ndipo apa ndi pomwe nyengo yathu imalowererapo. Pepala likufuna mthunzi ndi mphepo yodutsa, osati dzuwa. Padzuwa pamwamba pamauma msanga pansi padakali ponyowa, ndiye limapindika m'mbali n'kung'aluka pakati. Pakhonde kapena m'chipinda chotsegula mazenera mbali ziwiri ndi pabwino. Phimbani ndi neti yakale yong'ambika, yotukulidwa ndi timitengo kuti isakhudze phala, chifukwa ntchentche, nyerere ndi mphemvu zimadziwa kuti ichi ndi chakudya. Usiku makoswe nawo amabwera.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala limauma m'masiku 2 kapena 3. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, phiri litabisika m'mitambo sabata yathunthu, phala limatha kuchita chuku lisanaume, ndipo mukaona timadontho takuda kapena tobiriwira, limenelo ndi la ku kompositi basi. Ngati mwakakamizika kupanga nthawi imeneyo, ikani thireyi pa shelefu m'khitchini, chapatali ndi moto, pomwe pamafika kutentha pang'ono koma osati utsi wambiri, ndipo tsanulani mopyapyala kuposa apa. Kunena zoona, ndi bwino kungodikira chilimwe. Ndi nthawi yomweyo anthu amayanika makaka, chinangwa chili ndi sitachi yambiri, ndipo mpweya uli wouma.

Lauma ngati pakati pa thireyi sipakumvekanso kuzizira mukaikapo kuseri kwa chala. Lowetsani nsonga ya mpeni pakona imodzi, tukulani, kokani pang'onopang'ono ndi manja awiri. Likakana, lisiyeni usiku umodzi pakhonde likoke kachinyontho ka m'mamawa, limamatuka lokha mosavuta. Mukamatula, ligonekeni pakati pa masamba a nyuzipepala, musanjikepo buku lolemera kwa tsiku limodzi kuti liwongoke.

Pepala loyamba kawirikawiri silituluka bwino, ndipo lokha limakuuzani chomwe chavuta. Likamathyoka mukalipinda, glycerine wachepa kapena lauma msanga, onjezerani theka la supuni ya tiyi. Likamamata ndi kutambasuka ngati chingamu, glycerine wachuluka. Madontho oyera ndiye kuti munaphula lisanapse. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse ndipo muzilemba m'kope, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Popanga kathumba, dulani ndi sizasi, pindani, mumate m'mbali ndi kaphala katsopano kofunda, mupanepo ndi zopanira zovala mpaka paume. Njira ija yomatira mapaketi a mtedza ndi kandulo siigwira bwino pano, pepalali limatupa matuza n'kupserera m'malo mosungunuka.

Timiphika ta mbande

Pepala la sitachi lokhalokha silingakhale chubu. Mukalithirira kawiri lasanduka phala. Likufuna mafupa, ndipo mafupawo ali m'thunthu la nthochi lomwe timaligwetsa tikadula mkoko n'kulisiya liwolere m'munda.

Tengani thunthu la m'munda mwanu momwe kapena wa pafupi, la nthochi yathanzi. Anthu a ku Thyolo sakufunika kuuzidwa zomwe matenda a chisaka anachita ku nthochi zawo, ndipo nsabwe zofalitsa matendawa zimabisala m'makwinya a thunthu. Musanyamule mathunthu kuchoka mudzi wina kupita wina. Sendani makungwa limodzilimodzi, muwagoneke pa thabwa, muwapale ndi kuseri kwa mpeni mpaka mnofu wamadzi uchoke kutsale luzi loyera. Dulani luzilo m'tizidutswa totalika ngati mfundo imodzi ya chala.

Kenako chezani chidulo, chomwe chija cha thelele, koma chochuluka ndi champhamvu. Wiritsani luzi m'chidulomo kwa ola limodzi kapena awiri, mu poto wakale wadothi kapena chitini, chifukwa chidulo chimadya aluminiyamu. Lapsa ngati likunyenyeka mukalifikisa ndi zala. Tsukani ndi madzi ambiri mpaka kuterera kuthe, finyani, sinjani mumtondo mpaka likhale phwetephwete. Zotsala za chinangwa zija munayanika, ziviikeni muzisinjire limodzi. Mapepala akale a m'makope oviika usiku wonse amalowanso bwino.

Phala la timiphika likhale lolimba: masupuni aakulu 4 a sitachi pa kapu imodzi ya madzi, viniga pang'ono, glycerine ayi, chifukwa pano tikufuna kulimba osati kupindika. Pa ntchito iyi simufunikanso sitachi yotsuka kawiri, ngakhale ufa wa makaka ofumbwa omwe sangadyedwe umakwana. Sakanizani kapu imodzi ya phala ndi makapu 3 a luzi losinja lofinyidwa, kandani ndi manja mpaka zigwirane.

Chikombole ndi kapu ya pulasitiki kapena kachitini kosalala kopanda mkombero wotuluka. Kavundikireni, kapakeni mafuta pang'ono, matani zosakanizazo kunja kwake mokhuthala mamilimita 3 kapena 4, mukusindikiza ndi chala chachikulu kuti pasakhale popyapyala. Boolani pansi ndi kamtengo, potulukira madzi. Izi mutha kuyanika padzuwa, luzi limaletsa kung'aluka. Chotsani chikombole tsiku loyamba lomwelo kamphika katangoyamba kugwira, chifukwa pouma kamafota n'kukanirira. Yanikanibe masiku ena 2 kapena 3 mpaka kazilira gogogo mukakagogoda. Ngati muli pafupi ndi alimi a njuchi a m'mphepete mwa phiri, gulani phula pang'ono, lisungunuleni, mupake mopyapyala mkati ndi pansi. Limachedwetsa madzi kulowa, ndipo nalo limawola.

Timiphikati ndi ta mbewu zokhala pa nazale masabata 3 mpaka 5: tomato, kabichi, tsabola, mabiringanya. Tiyandikizeni pamodzi pa mchenga kapena pa nsanja, osati pamatope, thirirani ndi kheni ya timabowo ting'onoting'ono, ndipo musatinyamulenyamule tikanyowa. Chiswe chimatikonda, choncho wazani phulusa mozungulira. Pookera, kumbani phando, ikani kamphika konse, finyani pansi pake pang'ono kuti kang'aluke, kwirirani mpaka mkombero ubisike. Mkombero ukatsala kunja umakoka madzi kuchoka ku mizu n'kuwaulutsa. Ubwino wake ndi wakuti mizu siigwedezeka, mbande siifota ngati ija yozula.

Za tiyi, makademiya ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje iwalani kaye. Mbande zimenezo zimakhala pa nazale miyezi yambirimbiri zikuthiriridwa tsiku ndi tsiku, ndipo kamphika ka sitachi kangaphwasuke kalekale zisanafike pookera. Amene angakuuzeni kuti phala la pa mbaula lilowa m'malo mwa machubu a m'maesiteti akukunamizani.

Muyese musanagulitse

Dulani tizidutswa titatu ta pepala limodzi. China chiponyeni m'kapu ya madzi muone chimatenga nthawi yotani kufewa, kuti mudziwe chomwe mungalonjeze wogula. China chikhomeni pakhoma m'nyumba kwa mwezi, muone ngati chikuuma n'kuthyoka kapena kuchita chuku. Chachitatu chikwirireni m'dimba, muzikepo kamtengo, muzifukula sabata iliyonse. M'nthaka yonyowa chimatha m'masabata ochepa.

Kuyesa komweku chitaninso ndi majumbo a m'sitolo olembedwa kuti ndi owola, chifukwa si onse. Ena ndi pulasitiki wamba ya mafuta yothiridwa mankhwala oti izinyenyeka padzuwa, ndipo tizidutswa take timangotsala m'nthaka. Ena ndi a PLA, yomwe imachokeradi ku zomera: kufakitale amasasitsa shuga wa chimanga, nzimbe kapena chinangwa ndi tizilombo kuti atulutse asidi, n'kulumikiza asidiyo kukhala maulusi aatali. Imeneyo siopa madzi, koma kuti iwole msanga imafuna kompositi yotentha pafupifupi madigiri 60, yomwe dzenje la kuseri kwa nyumba silifikako. Majumbo a chinangwa omwe amapangidwa ku Indonesia nawo amatuluka m'makina okanda sitachi pa kutentha ndi mphamvu yaikulu, si za poto ndi mthiko. Wofuna kufika kumeneko ayenera kuyankhula ndi anthu a sayansi, ndipo sukulu ya ukachenjede ya MUST ili pomwepa pa Ndata ku Thyolo.

Pepala lanu musakulungire mandasi, tchipisi kapena chilichonse chotentha, chonyowa kapena chamafuta. Limamata pa chakudyacho, ndiponso kugulitsa zokulungira zakudya kumafuna kuti a Malawi Bureau of Standards aziyese kaye. Timapaketi ta mbewu, tokulungira sopo wopanga pakhomo ndi timiphika ta mbande ndi poyambira pokwanira. Zomwe mwapanga m'chilimwe zisungeni m'ndowa yotseka, pansi mutaika makala ouma okulunga m'nyuzipepala kuti azikoka chinyontho, ndipo musapange zambiri kuposa zomwe mungagwiritse ntchito kapena kugulitsa mvula isanakhazikike.